Maola a Wophika Buledi ndi Ola Lotsekera Sitolo: Lamulo ndi Zochitika pa Nathenje

Lamulo lili ndi njira ziwiri zolowerera pa nkhani ya nthawi yogwira ntchito m'malonda. Njira yoyamba imayang'ana chitseko: imanena ola lotsegulira sitolo ndi ola lotsekera, kapena ola limene moto uyenera kuyatsidwa mu uvuni. Njira yachiwiri imayang'ana munthu: imawerenga maola amene wantchito wakhala ali chilili, imaika malire ake, ndipo imalamula malipiro apadera ngati malirewo apyoledwa. Maiko ambiri a ku Ulaya adayesa zonse ziwiri. Dziko la Malawi lidatsamira pa njira yachiwiri, ndipo mphamvu ndi zofooka za njirayi zimaoneka bwino pa malo a malonda a kumwera kwa boma la Lilongwe monga Nathenje, Nanjiri, Kamphata ndi Mitundu, kumene malonda ambiri ndi aang'onoang'ono ndipo bwana ndi wantchito amadziwana kuchokera kumudzi.

Pa ntchito zonse za pa malo otere, yophika buledi ndi masikono ndi imene imalimbana kwambiri ndi tulo. Chifukwa chake chili mu ufa momwemo. Ufa wa tirigu ukasakanizidwa ndi madzi, mchere, shuga, mafuta ndi yisiti, umakandidwa mpaka usiye kumata m'manja, kenaka umasiyidwa kuti ufufume. Ukafufuma umadulidwa, kuyezedwa, kuumbidwa, kuikidwa m'mathileyi opaka mafuta, ndi kusiyidwanso kuti ufufume kachiwiri. Palibe angaufulumize, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene chisanu cha m'chigawo chapakati chimachedwetsa yisiti. Mbali inayo uvuni wa njerwa umafuna nkhuni ziyake mpaka zisanduke makala, makalawo apalidwe, ndipo wophika ayese kutentha kwake ndi dzanja kapena ndi kaufa komwaza pansi. Uvuni umodzi sulowa mathileyi onse nthawi imodzi, choncho ntchito imayenda mobwereza: kulowetsa, kudikira, kutulutsa, kusonkhezanso. Ndipo zonsezi ziyenera kutha kusanache, chifukwa mwini tiyirumu wa pa siteji ya Nathenje amafuna masikono ake madzi a tiyi asanawire, wanjinga wokapikulitsa m'maokala a kumidzi amafuna kunyamuka dzuwa lisanatuluke, ndipo apaulendo a m'maminibasi a pa msewu wa M1 opita ku Lilongwe kapena ku Dedza sadikira munthu. Wogula amafinya buledi ndi chala kuti aone ngati ndi walero. Kufinya kumeneko ndi kumene kumadzutsa wophika pakati pa usiku.

Vutoli si la ku Malawi kokha, ndipo si latsopano. Mu 1700 dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, polemba za matenda obwera ndi ntchito zosiyanasiyana, adatchulamo ophika buledi chifukwa cha chifuwa cha fumbi la ufa ndi kugwira ntchito usiku. Mu 1863 nyumba ya malamulo ya ku Britain idakhazikitsa lamulo la nyumba zophikira buledi, loletsa achinyamata osakwana zaka 18 kugwira ntchito kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa, ndi lolamula ukhondo m'nyumbazo. Mu Epulo 1871 boma la anthu apantchito limene lidalamulira mzinda wa Paris kwa milungu yowerengeka lidaletsa kuphika buledi usiku, pomvera pempho la ophika eni ake. Lamulolo lidatha pamodzi ndi bomalo mwezi wotsatira, koma ganizo lake silidafe.

Mlandu wotchuka koposa pa nkhaniyi udachitikira ku America. Mu 1895 dera la New York lidalamula kuti wantchito wa m'bekale asapyole maola 10 pa tsiku kapena 60 pa mlungu. Mwini bekale wina wa mu mzinda wa Utica, Joseph Lochner, adapezeka wolakwa polola wantchito wake kupyola maolawo, ndipo adalipitsidwa madola 50. Iye adachita apilo mpaka ku khoti lalikulu la dzikolo, ndipo mu 1905 oweruza asanu mwa asanu ndi anayi adagamula kuti lamulolo likuphwanya ufulu wa bwana ndi wantchito wogwirizana momwe afunira. Woweruza Oliver Wendell Holmes anali mmodzi mwa anayi amene adatsutsa chigamulocho. Padapita zaka zoposa 30 khotilo lisanasinthe maganizo. Lidasintha mu 1937 pa mlandu wina wokhudza malipiro ochepetsetsa.

Mfundo imene idapambana mu 1905 imamvekabe lero m'mabekale ndi m'magolosale: "Tidagwirizana, ndipo palibe adamukakamiza." Mfundoyi ndi yopunduka. Mnyamata wochokera kumudzi nthawi ya njala, mu Januwale kapena Febuluwale, amene kumbuyo kwake kuli ena khumi ofuna malo omwewo, savomera chifukwa wakondwa ndi maolawo. Amavomera chifukwa kukana ndi kugona ndi njala. Malamulo a ntchito adabadwa pozindikira kuti pangano la munthu wokhuta ndi munthu wanjala silikhala lolingana, ndiye payenera kukhala malire amene ngakhale wantchito mwini wake sangawachotse.

Bungwe la dziko lonse loona za ntchito la ILO litakhazikitsidwa mu 1919, pangano lake loyamba lidali la maola: 8 pa tsiku ndi 48 pa mlungu m'mafakitale. Mu 1925 ku Geneva lidavomereza pangano la nambala 20, loletsa kuphika buledi ndi makeke usiku. Usiku adaumasulira kuti ndi maola osachepera asanu ndi awiri otsatizana, ophatikizapo nthawi ya pakati pa 11 koloko usiku ndi 5 koloko m'mawa, kapena 10 koloko mpaka 4 koloko kumene nyengo ikufuna choncho. Panganoli silidakhudze banja lophika chakudya chake chokha. Koma lidali ndi mfundo imodzi imene idautsa mkangano waukulu: chiletsocho chidagwira wantchito ndi mwini bekale yemwe. Mabwana adafunsa kuti bungwe loteteza antchito likuletsa bwanji munthu kugwira ntchito ndi manja ake m'nyumba yake. Nkhaniyo idafika ku khoti la maiko onse ku The Hague, ndipo mu 1926 khotilo lidati bungwelo lili ndi mphamvu yotero ngati ndiyo njira yotetezera antchito.

Pamenepa ndi pamene pagona nzeru yonse ya malamulo oyang'ana chitseko. Mwini bekale mmodzi akaganiza yekha zoti anyamata ake azigona usiku, buledi wake amafika pa msika 9 koloko, ogula atagula kale kwa mnzake. Mwini golosale akatseka 6 koloko madzulo kuti mtsikana womugulitsira akapume, wofuna sopo kapena kandulo 8 koloko amapita khomo lotsatira, ndipo mawa lake amabwerera komweko. Amene wachita chifundo ndiye amaluza. Choncho bwana aliyense, ngakhale wamtima wabwino, amakankhidwa ndi mnzake kuti atsegule msanga ndi kutseka mochedwa, pamene ndalama za ogula pa Nathenje sizichuluka chifukwa choti masitolo atseka 9 koloko m'malo mwa 7 koloko. Shuga wogulidwa ndi yemweyo. Chotalika ndi tsiku la wogulitsa. Lamulo lotseketsa onse nthawi imodzi limachotsa mantha oti mnzanga andilanda makasitomala. N'chifukwa chake ku Britain lamulo la masitolo la 1911 lidapatsa ogulitsa theka la tsiku lopuma pa mlungu, ndipo mpaka lero ku England masitolo aakulu saloledwa kupyola maola asanu ndi limodzi Lamulungu, malinga ndi lamulo la 1994.

Dziko la Germany ndi limene lidagwira njirayi molimba ndi kwa nthawi yaitali. Kuphika usiku kudaletsedwa mu 1915, mkati mwa nkhondo yaikulu yoyamba, ndipo chiletsocho chidakhala zaka zoposa 80. Lamulo la 1956 lidatseketsa masitolo 6:30 madzulo mkati mwa mlungu, ndi 2 koloko masana Loweruka. Mu 1996 lamulo limodzi lidasintha zonse ziwiri: masitolo adaloledwa kufika 8 koloko usiku, ndipo chiletso cha kuphika usiku chidachotsedwa. Kuyambira 2006 chigawo chilichonse cha dzikolo chimadziikira maola ake. Zinthu zidali zitasintha: amayi ambiri adalowa ntchito ndipo amafuna kugula madzulo, mafakitale aakulu a buledi amatumiza katundu kutali, ndipo mafiriji adachititsa kuti ufa ukandidwe masana n'kudikira. Koma pomasula chitseko, Ajeremani sadasiye wantchito pambalambanda. Maola ake adatsalabe m'manja mwa lamulo la ntchito ndi mapangano a mabungwe a antchito amphamvu.

Ku Malawi maziko a nkhaniyi ali mu gawo 31 la malamulo aakulu a dziko, limene limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo, mosaika moyo pachiswe, ndi kulandira malipiro oyenera. Tsatanetsatane wake ali mu lamulo la Employment Act la chaka cha 2000. Gawo 36 limati wantchito asapyole maola 48 pa mlungu, osawerengera ovataimu, ndipo asagwire masiku opyola asanu ndi limodzi otsatizana popanda kupuma maola 24 athunthu. Gawo 37 limagawa maolawo pa tsiku: wogwira masiku asanu ndi limodzi pa mlungu asapyole maola 8 pa tsiku, wogwira masiku asanu kapena ocheperapo angafike maola 12, mlonda ndi wogwira ntchito ya mashifiti asapyole maola 8. Gawo 39 limanena za ovataimu, ndipo limaisiyanitsa patatu. Ola lowonjezera pa tsiku wamba la ntchito limalipidwa malipiro a ola limodzi ndi theka. Ola logwiridwa pa tsiku limene munthu amayenera kupuma limalipidwa kawiri, chimodzimodzinso ola la pa tchuthi cha boma. Pamwamba pa izi pali tchuthi cholipidwa cha pachaka: masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa mlungu, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku asanu.

Manambalawa amamveka bwino akaikidwa pa munthu. Mwachitsanzo chabe, wophika amene ola lake ndi K600, akalowa 10 koloko usiku n'kuweruka 9 koloko m'mawa atatsuka mathileyi ndi kukonza nkhuni za mawa, wagwira maola 11. Atatu mwa iwo ndi ovataimu ya K900 pa ola, kutanthauza K2,700 usiku umodzi, ndi K16,200 pa masiku asanu ndi limodzi. Ndalama imeneyi si mphatso ya bwana wokoma mtima. Ndi ngongole imene lamulo limaizindikira. Wogulitsa m'golosale amene amatsegula 6 koloko m'mawa, kudyera nsima kuseri kwa kauntala, n'kutseka 8 koloko usiku, Lolemba mpaka Lamulungu, amagwira maola 98 pa mlungu, kuposa kawiri malire a lamulo. Ndipo popeza kukhala pa kauntala podikira wogula ndi ntchito ndithu, mawu oti "masana amangokhala" sachotsa ola ngakhale limodzi.

Lamulo limanenanso za ana. Gawo 21 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, kupatula ntchito za pakhomo ndi za m'sukulu zophunzitsa luso. Gawo 22 limaletsa kupatsa wa zaka 14 mpaka 18 ntchito yoononga thanzi lake kapena maphunziro ake. Kuchezera pa uvuni usiku wonse n'kukawodzera m'kalasi m'mawa ndi chitsanzo chosachita kufunsa.

Pa pepala chitetezochi n'chokwanira bwino. Chimafooka chikafika pa msika, ndipo zifukwa zake zina zili m'mbiri ya malo ngati Nathenje. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidalamula amalonda a Chimwenye kuchoka m'madera a kumidzi n'kukachita malonda m'mizinda ikuluikulu. Malo awo adatengedwa pang'onopang'ono ndi magolosale ndi maokala a mabanja, okhala ndi wantchito mmodzi kapena awiri, nthawi zambiri mphwake kapena mlamu wa mwini wake. Wantchito wotere satchedwa wantchito. Amati "akutithandiza", amadya ndi kugona pakhomo pomwepo, ndipo kufunsa za ovataimu kumaoneka ngati mwano kwa malume amene adamutenga kumudzi. Lamulonso lili ndi mpata: gawo 27, lolamula bwana kupereka kalata yofotokoza malipiro ndi maola a ntchito, limagwira okhawo amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo. Wantchito wa m'bekale ya anthu atatu ali nawo ufulu wa maola 48, koma alibe pepala losonyeza zimene adagwirizana. Woyendera malo a ntchito wochokera ku ofesi ya leba ali ndi mphamvu yolowa pa malo a ntchito usana kapena usiku osachenjeza, koma m'nyumba ya munthu amalowa pokhapokha mwini wake atalola kapena atatenga chilolezo kwa majisitireti. Mauvuni ambiri a masikono ali kuseri kwa nyumba zogona, mkati mwa mpanda.

Palinso gulu lalikulu limene lamulo la ntchito silikulifikira n'komwe: mayi wokazinga mandasi kapena zitumbuwa amene amadzuka tambala woyamba asanalire, ndi wophika chigumu chokagulitsa pa tsiku la msika ku Mitundu. Ameneyu ndi bwana ndi wantchito nthawi imodzi, ndipo maola ake amalamulidwa ndi mtengo wa ufa ndi mafuta. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tirigu, amene wambiri amachokera kunja, adakwera mtengo, phindu la pa sikono imodzi lidachepa, ndipo njira yapafupi yolibwezera idali kuphika zambiri ndi manja omwewo.

Za ola lotsekera sitolo, Employment Act sinenapo kanthu. Mphamvu yoyendetsa misika ndi malo a malonda ili m'manja mwa makhonsolo, amene lamulo la maboma aang'ono la 1998 limawalola kupanga malamulo awo a m'dera. Kwa Nathenje ndi Mitundu ndi khonsolo ya boma la Lilongwe. Malonda amene maola ake amatsatidwa kwambiri ndi a mowa, chifukwa chiphaso chake chimayendera nthawi yoikika, ndipo cholinga chake ndi bata la anthu oyandikana nawo, osati kupuma kwa wogulitsa. Nthawi imene Amalawi a lero adaona boma likutseketsa malonda pa ola limodzi dziko lonse idali ya mliri wa Covid-19. Mu Epulo 2020 boma la Pulezidenti Peter Mutharika lidalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo. Mavenda adachita zionetsero, bungwe la Human Rights Defenders Coalition lidapita ku khoti, ndipo pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda adaimitsa m'bindikirowo. Dandaulo lalikulu lidali loti boma silidakonze chimene anthu odya zapatsiku adzadye. Mu Januwale 2021 Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza njira yofewerapo: misika itseke 5 koloko madzulo, malo omwera mowa 8 koloko usiku, ndipo anthu asayendeyende kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa. Zochitika ziwirizi zidaonetsa malire ake. Kufupikitsa tsiku la malonda kwa onse pamodzi n'kotheka. Kulitseka popanda kuganizira za m'mimba mwa wogulitsa sikutheka.

Kodi kuletsa kuphika usiku, monga mwa pangano la 1925, kungathandize pa Nathenje? Yankho loona ndi lakuti ayi. Maiko amene adavomereza panganolo adali ochepa, ndipo chimene chidathandiza ophika a ku Ulaya kugona ndi firiji ndi magetsi odalirika. Kuno bekale yodalira magetsi imaphika pamene magetsi ayaka, ndipo mphepo ya mkuntho ya Ana itaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, kuzimazima kudakhala kwa maola ambiri kwa nthawi yoposa chaka. Kulamula munthu wotere kuti asaphike usiku n'kumulamula kuti atseke. Bekale zazing'ono zikatseka, msika ungatsale m'manja mwa magalimoto a buledi ochokera m'tauni, ndipo ntchito zingachoke m'deralo. ILO nayo idasintha kaganizidwe: pangano lake la 1990, la nambala 171, sililetsa ntchito ya usiku koma limaiteteza. Limati wogwira usiku aziyezedwa thanzi kwaulere, wopezeka kuti thupi lake silikulola asamutsidwire ku ntchito ya masana, mayi woyembekezera kapena wongobereka kumene apatsidwe njira ina, ndipo malipiro kapena nthawi yopuma zizisonyeza kulemera kwa usiku.

Zimene zingatheke pa malo ngati Nathenje ndi zapafupi, ndipo zambiri sizifuna lamulo latsopano. Bekale ya anthu anayi ingathe kugawa ntchito pawiri: okanda ndi kuumba alowe madzulo n'kuweruka pakati pa usiku, a pa uvuni ndi opakira alowe pakati pa usiku n'kuweruka m'mawa, m'malo moti onse achezere limodzi. Kope wamba la sukulu lolembamo ola lolowera ndi lowerukira, losainidwa ndi onse awiri, limateteza wantchito komanso bwana tsiku la mkangano. Tsiku lopuma lingayende mosinthana, ndipo pa malo pamene pali Akhristu opemphera Lamulungu, a Seventh Day opemphera Loweruka ndi Asilamu opemphera Lachisanu, kusinthanako sikuvuta kukonza. Lamulo lenilenilo limalola kupuma pa tsiku lozolowereka kapena pa tsiku logwirizana. Pa za chitseko, komiti ya msika pamodzi ndi eni magolosale, mafumu ndi khansala angathe kugwirizana ola limodzi lotsekera, n'kupempha khonsolo kuti ililembe m'malamulo ake, kusiyapo malo ogulitsa mankhwala, mafuta a galimoto ndi chakudya cha apaulendo. Pangano lotere limalimba pokhapokha likagwira aliyense, mwini wogulitsa yekha ndi wolemba antchito yemwe, pa chifukwa chomwe chija chimene khoti la ku The Hague lidavomereza.

Wantchito amene maola ake akupyoledwa popanda malipiro amayamba ndi kukambirana ndi bwana wake, makamaka pamaso pa mboni. Zikakanika amakadandaula ku ofesi ya leba ya boma la Lilongwe, kumene mkulu woona za ntchito amaitana mbali zonse ziwiri ndi kuyesa kuziyanjanitsa. Ngati sizidatheke, nkhani imapita ku khoti loona milandu ya ntchito la Industrial Relations Court, limene lidakhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a dziko, limayendera lamulo la Labour Relations Act la 1996, ndipo limakhala ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Kusakhala ndi kalata ya ntchito sikumulanda munthu ufulu wodandaula, chifukwa pangano la pakamwa nalo ndi pangano pamaso pa lamulo. Chimene chimalimbitsa mlandu ndi umboni wa masiku ndi maola: kope lija, mauthenga a pa foni, ma risiti a ndalama zotumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba, ndi anthu amene amamuona akulowa ndi kuweruka, monga mlonda wa pa msika ndi wanjinga wodzatenga masikono m'bandakucha.